Mwana anafa usiku, mayi womupeza ali kundende: kodi chigamulo chingasinthe?

Funso

Zikomo a loya. Ndine bambo wa kuno ku Dedza, mbali ya ku Lobi. Mlongo wanga anakwatiwa ndi bambo amene mkazi wake woyamba anamwalira n'kusiya mwana wamwamuna wa zaka ziwiri. Mwanayo anatentha thupi masiku awiri, mlongo wanga anapita naye kwa alangizi a zaumoyo, koma usiku wachitatu anakomoka n'kumwalira, bambo ake ali ku Lilongwe kokagulitsa mbatatesi. Posambitsa maliro, amayi anaona mizere yakuda kumsana ndi thovu kukamwa. Akuchikazi kwa mwanayo anati wachita kumenyedwa. Apolisi anamutenga mlongo wanga, anadinda chala pa pepala la Chingerezi limene sanaliwerenge, ndipo khoti linamupatsa zaka 25. Tsopano papita zaka zitatu. Ndinamva pa wailesi za mayi wa ku Australia amene anam'tulutsa atakhala zaka 20 pa mlandu wopha ana ake. Kodi kuno kwathu zingatheke? Tiyambire pati?

Yankho

Pepani ndi zonsezi, bambo, pepaninso ndi maliro a mwanayo, chifukwa pa nkhani ngati izi mwana amene anatisiyayo amaiwalika msanga, akuluakulu n'kutsala akulozana zala. Inde, zingatheke. Lamulo lathu limapereka mwayi wa apilo, ndipo zaka zitatu sizinauthetse mwayiwo. Paja mlandu suola. Koma sindikunamizani kuti n'zapafupi, komanso sindinganene kuti mlongo wanu ndi wosalakwa, popeza fayilo yake sindinaione. Ana amaphedwadi m'makomo mwathumu, ena ndi owapeza, ena ndi makolo awo enieni, ndipo khoti likamanga munthu wotero limachita bwino. Chimene ndikufuna mumvetse ndi chakuti pa mlandu wakupha, boma liyenera kuyamba latsimikiza kuti munthuyo anachita kuphedwa, kenaka n'kufunsa kuti anamupha ndani. Pa imfa za ana, funso loyambalo ndi limene limadumphidwa kawirikawiri. Anthu amathamangira kufunsa kuti anali naye m'nyumba ndani, ndipo amene anali naye m'nyumba pafupifupi nthawi zonse amakhala mayi.

Mayi amene munamumva pa wailesiyo ndi Kathleen Folbigg. Ana ake anayi anamwalira mmodzimmodzi pakati pa 1989 ndi 1999, woyamba ali ndi masiku 19, womaliza ali ndi chaka ndi theka. Palibe anamuona akuchita kanthu, ndipo pa matupi a anawo sipanapezeke chotsimikiza kuti anatsamwitsidwa. Chimene chinam'mangitsa mu 2003 ndi maganizo akuti ana anayi sangafe okha m'nyumba imodzi, kuphatikizapo kabuku kake kamene ankalembamo zakukhosi, mmene ankadziona ngati mayi wolephera. Patapita zaka, akatswiri anayeza DNA yake ndi ya anawo n'kupeza kuti iye ndi ana ake aakazi awiri anali ndi vuto lobadwa nalo, pa kachigawo ka chibadwa kotchedwa CALM2, limene lingaimitse mtima wa mwana mwadzidzidzi. Anatuluka mu Juni 2023, ndipo mu Disembala chaka chomwecho khoti la apilo linafafaniza mlandu wonse.

Sali yekha. Ku England kunali Sally Clark, loya mnzathu, amene ana ake aamuna awiri anamwalira ali makanda, wina mu 1996, wina mu 1998. Dokotala wotchuka wa ana, Roy Meadow, anauza khoti kuti m'banja ngati limenelo ana awiri angafe okha kamodzi kokha pa 73 miliyoni. Masamuwo anali olakwika, chifukwa anawerengera ngati imfa ziwirizo sizikukhudzana, chonsecho ana a mimba imodzi amatengera zofanana ndipo amakulira m'nyumba imodzi. Anam'manga mu 1999, apilo yake yoyamba inakanidwa. Chimene chinadzamutulutsa mu Januwale 2003 chinali pepala la ku labotale limene linali m'mafayilo a chipatala nthawi yonseyi, losonyeza kuti mwana wachiwiri anali ndi tizilombo toyambitsa matenda m'thupi, mpaka m'madzi a mumsana. Dokotala amene anapima mtembo sanalionetse ku khoti. Ku Australia komweko kunalinso Lindy Chamberlain, mkazi wa m'busa wa mpingo wa Seventh-day Adventist, amene mu 1980 ananena kuti khanda lake la milungu 9 latengedwa mu tenti ndi galu wakutchire wotchedwa dingo, mmene fisi angachitire kuno kwathu. Anthu sanam'khulupirire. Anam'manga mu 1982 atauza khoti kuti m'galimoto ya banjalo munapezeka magazi a khanda, koma pambuyo pake zinadziwika kuti zimene ankati magazi kunsi kwa dashibodi anali mankhwala amene amapopera ku fakitale popanga galimotoyo. Mu 1986 kajekete ka mwanayo kanapezeka kuthengo, kufupi ndi maenje a agalu aja, iye n'kutulutsidwa, ndipo mu 1988 mlandu unafafanizidwa.

Palibe mmodzi mwa amayi amenewa amene anatuluka chifukwa abale analira kwambiri, kapena chifukwa mfumu ndi abusa anachitira umboni kuti ndi munthu wabwino. Aliyense anatuluka chifukwa panapezeka chinthu chogwirika chonena za chimene chinapha mwana. Ntchito yanu yagona pamenepo.

Tsono tibwere pa mizere yakumsana ija. Munthu akamwalira mtima umaleka kupopa, magazi n'kutsikira mbali ya thupi imene ili pansi. Zimayamba kuoneka pasanathe maola awiri, ndipo pofika maola 8 mpaka 12 zimakhala zitakhazikika. Mwana amene watsirizika pakati pa usiku atagona chagada, pofika mmawa msana, matako ndi kumbuyo kwa ntchafu zimakhala zitada. Pamene thupi latsamira chinthu cholimba magazi safikapo, ndiye pamakhala powala. Tsono ganizani mwana wagonekedwa pa mphasa. Bango lililonse limasiya mzere wake, apa powala, apa pakuda, yondandalikana kuchokera m'mapewa mpaka m'chiuno. Mayi wosambitsa maliro akatembenuza kathupiko amaona mikwingwirima ya mkwapulo, n'kukuwa. Mayi ameneyo sakunama ayi, wanena zimene maso ake aona, koma maso okha sangasiyanitse, makamaka pa khungu lathu lakudali. Wopima mtembo wodziwa ntchito amacheka pang'ono pa mzerewo. Ngati ndi bala la kumenyedwa, magazi amakhala atatuluka m'mitsempha n'kuundana m'mnofu. Ngati ndi magazi ongotsika, amakhala adakali m'mitsempha, ndipo akathira madzi amachoka, mnofu n'kutsala wabwinobwino. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma ngati sinachitike, palibe amene angalumbire kuti mizereyo inali chiyani.

Thovu kukamwa nalonso silinena kanthu palokha. Mwana amene wagwidwa njirinjiri amatuluka thovu, wa chibayo chimodzimodzi, nthawi zina losakanikirana ndi timagazi. N'zoona kuti tameki ndi mankhwala ena a mbewu amatulutsanso thovu, koma chiphe chimadziwika poyeza magazi ndi zam'mimba ku labotale, osati poyang'ana. Pali tizilombo tina toyambitsa matenda oumitsa khosi timene tikalowa m'magazi timatulutsa madontho ndi zigamba zakuda pakhungu m'maola ochepa, zooneka ngati munthu wapunthidwa. Ana athu ambiri amabadwanso ndi zigamba zotuwira kumatako ndi kumsana, zimene mlendo angati ndi zipsera. Ngakhale kuyesa kupulumutsa mwana kumasiya mabala. Ku Mississippi, ku America, mtsikana wina wosakwana zaka 20, Sabrina Butler, anapeza mwana wake wa miyezi 9 sakupuma mu 1989, n'kuyamba kumupsinja pachifuwa kuti atsitsimuke. Mabala amene anatsalawo anawatenga ngati umboni wa nkhanza, ndipo mu 1990 anam'gamula kuti aphedwe. Khoti lalikulu linakana chigamulocho mu 1992, ndipo atazengedwanso mu 1995 anapezeka wosalakwa.

Koma kwa mwana wa zaka ziwiri amene watentha thupi masiku awiri n'kukomoka usiku, kuno ku Malawi, funso loyamba la dokotala aliyense liyenera kukhala la malungo. Zambiri zimene madokotala a dziko lonse amadziwa za malungo a muubongo zinafufuzidwa konkuno, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko anaona kuti malungo amenewa amatulutsa timagazi kuseri kwa diso, komanso amatupitsa ubongo mpaka mwana kuleka kupuma. Izi n'zofunika pa milandu, chifukwa kwa zaka zambiri madokotala akunja ankati mwana akapezeka ndi ubongo wotupa, magazi kuseri kwa maso ndi magazi pansi pa chigaza, ndiye kuti wina wamugwedeza mwankhanza. Ziwiri mwa zizindikiro zitatuzi malungo amazichita okha, popanda dzanja la munthu. Kafukufuku wina wa komweko, amene anatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Terrie Taylor, anapima mokwanira mitembo ya ana 31 amene madokotala anali atanena kuti afa ndi malungo a muubongo. Anapeza kuti 7 mwa iwo anafa ndi matenda ena. Amenewa anali madokotala a ana, anawo anawaona ali moyo, anawayeza magazi, komabe pafupifupi mwana mmodzi pa anayi aliwonse chimene chinamupha chinadziwika atatsegula thupi. Nanga pepala la kupima mtembo la tsamba limodzi, lolembedwa pongoyang'ana kunja kwa thupi anthu akudikira kuti akaike maliro, lingakhale lokwanira kumangitsa munthu zaka 25? Ine ndimati ayi, pokhapokha bala likhale loonekeratu moti palibe njira ina yolifotokozera.

Sindikunyoza amene amapima mitembo m'maboma. Madokotala ophunzira ntchito imeneyi ndi owerengeka m'dziko muno, ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, choncho kuboma kawirikawiri amapima ndi a kiliniko ofisa amene tsiku lomwelo akuyembekezeredwa ku wodi ndi ku fiyeta. Amachita zimene angathe. Koma moyo wa mlongo wanu wadalira pepala limenelo, ndiye liyenera kuwerengedwa mzere ndi mzere. Analemba ndani, ndipo anaphunzira zotani? Anapima patapita maola angati, kuchipatala kapena kumudzi? Anatsegula thupi ndi mutu, kapena anangoyang'ana? Anacheka pa mizere ija? Anatenga magazi kuti ayeze malungo kapena chiphe? Ndipo pa mzere wa chimene chinapha mwana analembapo zimene iye anapeza, kapena zimene apolisi ndi abale anamuuza pomubweretsera mtembo? Ndaonapo mapepala otere pamene mbiri yoperekedwa ndi wapolisi ili pamwamba, ndipo pansi pake mawu omwewo abwerezedwa ngati zotsatira za kupima. Funsaninso ngati wolembayo anabwera ku khoti kudzafunsidwa mafunso. Lamulo limalola kuti lipoti la dokotala lilandiridwe mwini wake osabwera ngati wozengedwa mlandu sanatsutse, ndipo milandu yambiri imatayika pomwepa, mwakachetechete, loya atakumana ndi munthu wake mmawa wa tsiku la mlandu.

Pepala lachiwiri ndi lija anadindapo chala. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo afikitsidwe ku khoti pasanathe maola 48. Komabe gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu limalola kuti sitetimenti ya kupolisi ilandiridwe ngakhale mwini wake akunena kuti sanaipereke mwaufulu. Gawo limeneli ine sindilikonda, ndipo maloya ambiri takhala tikulidandaula. Koma lili ndi pogwira: khoti silingaigwiritse ntchito pokhapokha litatsimikiza, popanda chikaiko, kuti anainenadi ndi iyeyo komanso kuti zimene zalembedwamo n'zoona. Apa ndi pamene mapepala awiriwa amakumana. Ngati sitetimenti ikuti anam'menya ndi mtengo m'mutu, pamene mutu sunatsegulidwe kapena unalibe bala, ndiye choonadi chake chikuchokera kuti? Ndikunena izi chifukwa mayi wa kwathu kuno akaferedwa amalira kuti, "Ndamupha ndine mwanayu, ndikanathamanga naye kuchipatala dzulo." Aliyense pa siwa amamva chimene akutanthauza. Mawu omwewo akalembedwa m'Chingerezi ndi munthu amene waganiza kale kuti apa pali mlandu, amasanduka kuvomera. Mukapita kukamuona, mufunseni mlongo wanu mofatsa: anafunsidwa ndi angati, kwa nthawi yaitali bwanji, anali atadya kapena kugona, anamuwerengera pepalalo m'Chichewa asanadinde, panali wina wa kubanja? Lembani zonse mmene akunenera, osakometsera.

Palinso umboni wina umene umandipweteka mtima ndikaumva m'khoti, wonena za nkhope ya munthu pa maliro. "Sanalire." "Analira mopitirira, ankadzionetsera." Lindy Chamberlain anthu ambiri anamuda chifukwa sankalira pamaso pa makamera. Mayi wopeza ndiye alibiretu kolowera, chifukwa mudzi umakhala utamuweruza kale tsiku limene analowa m'nyumbamo. Ndipo tivomereze, kwathu kuno imfa ya mwana sitimailola kuti ingokhala imfa. Mwana akatupa miyendo timati tsempho, wina wamudula. Akafa mwadzidzidzi timati pali dzanja la munthu. Chisoni chimafuna wolakwa, ndipo akuchikazi amene anataya mwana wawo wamkazi, kenaka mdzukulu, ululu wawo ndi weniweni. Koma ululu si umboni. Lamulo limati ngati palibe amene anaona ndi maso, zinthu zonse zozungulira nkhaniyo ziyenera kuloza kwa munthu mmodziyo moti palibe kufotokoza kwina komveka kumene kungatsale. Mwana wodwala masiku awiri, wopita naye kwa alangizi a zaumoyo, wokomoka usiku, kumeneko ndi kufotokoza kwina, ndipo ndi udindo wa boma kukutsutsa. Si udindo wa mlongo wanu kutsimikiza kuti mwanayo anafa ndi malungo.

Tsono poyambira. Milandu yakupha imazengedwa ndi Bwalo Lalikulu, High Court, ngakhale jaji atabwera kudzakhalira pa khoti la kuboma konkuno, ndiye apilo yake imapita ku Supreme Court of Appeal. Chidziwitso cha apilo chimayenera kuperekedwa m'masiku 30 chigamulo chitaperekedwa. Masikuwo anadutsa kalekale, koma khotilo lili ndi mphamvu yolola apilo yochedwa ngati pali chifukwa chomveka cha kuchedwako, komanso ngati apiloyo ikuoneka kuti ili ndi mfundo. Kusadziwa za ufulu wa apilo, kusowa loya, kusapatsidwa chigamulo cholembedwa, zonsezi zimanenedwa m'chikalata cholumbira. Musachedwenso kuposa apa, chifukwa mwezi uliwonse wowonjezera umafunanso kuufotokoza.

Pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Ku Lilongwe iliko. Tengani nambala ya mlandu, dzina la jaji, tsiku la chigamulo ndi ndende imene ali. Nambalayo ngati simukuidziwa, ili pa chikalata chimene anapita nacho kundende, ndipo oyang'anira ndende angamuuze. Mlongo wanu payekha angathenso kupempha kudzera kwa mkulu wa ndende kuti akufuna kuchita apilo, komanso ma paralegal (anthu ophunzitsidwa kuthandiza pa za malamulo ngakhale si maloya) a bungwe la PASI, Paralegal Advisory Service Institute, amayendera ndende ndipo amadziwa njira zimenezi. Maloya a Legal Aid ndi ochepa, milandu ili mulu, choncho fayilo imene ili ndi mbale woibwerera mwaulemu mwezi ndi mwezi ndi imene imayenda. Inu ndinu mwini mbumba, ntchito imeneyi ndi yanu.

Loya adzafuna chigamulo cholembedwa ndi zolembedwa zonse za mmene mlandu unayendera, kuphatikizapo lipoti la kupima mtembo ndi sitetimenti ija. Apa pamafunika kudekha, chifukwa kutayipa zolemba za jaji kumatenga nthawi, ndipo mafayilo ena amasowa. Koma pali mapepala ena amene loya wa ku Lilongwe sangawapeze msanga ngati inu. Loyamba ndi buku la kuchipatala la mwanayo, lija la kusikelo, mmene muli kulemera kwake mwezi ndi mwezi, katemera, ndi matenda onse amene anadwalapo. Mwana amene sikelo yake inkakwera bwino m'manja mwa mayi womupeza, bukulo limamuchitira umboni mayiyo. Lachiwiri ndi kaundula wa alangizi a zaumoyo. Amene amayendetsa kiliniki ya m'mudzi amalemba mwana aliyense wosakwana zaka zisanu amene wabwera: tsiku, zizindikiro, ngati anamuyeza malungo pachala ndi zotsatira zake, ngati anam'patsa LA, ngati anam'tumiza kuchipatala chachikulu. Ngati dzina la mwanayo lili m'kaundula ameneyo tsiku limodzi kapena awiri asanamwalire, ndipo khoti silinauone, chimenecho ndi chinthu chachikulu kwambiri pa nkhani yonseyi. Mabuku amenewa amatha, amadyedwa ndi chiswe, alangizi amasamutsidwa. Pitani sabata ino, mukapemphe mwaulemu kuti bukulo lisungidwe bwino, ndipo loya adzalipempha mwa dongosolo. Musang'ambe tsamba, musalembemo kanthu, musapemphe munthu kuti awonjezeremo ngakhale chilembo chimodzi. Pepala limodzi lachinyengo limaipitsa ena onse oona, n'kukumangitsani inunso.

Khoti la apilo silizenganso mlandu kuchokera pachiyambi. Limayang'ana ngati jaji analakwitsa pa lamulo kapena pa kayezedwe ka umboni. Umboni watsopano lingaulandire, koma limafuna kuti ukhale wokhulupirika, wokhudza mtima wa nkhaniyo, ndiponso pakhale chifukwa chomveka chimene sunabwerere poyamba. N'chifukwa chake loya wabwino amatenga lipoti la kupima mtembo, buku la kusikelo ndi kaundula uja n'kukapereka kwa dokotala wodziwa za mitembo kapena wa ana kuti alembe maganizo ake. Dokotalayo safunika kunena kuti mwanayo anafa ndi malungo. N'zokwanira atanena kuti, malinga ndi zimene zinalembedwa, palibe amene angatsimikize kuti anafa ndi kumenyedwa. Za kufukula manda musazithamangire. Zimafuna chilolezo cha khoti, patatha zaka zitatu chotsala ndi mafupa, ndipo mafupa angangonena ngati panali pothyoka kapena ayi. Zimapwetekanso mudzi wonse, ndiye zichitike pokhapokha loya ndi dokotala ataona kuti palibe njira ina.

Mapeto ake angakhale osiyanasiyana. Khoti lingafafanize mlandu n'kumumasula, lingalamule kuti uzengedwenso, lingausinthe kukhala wopha munthu mosafuna n'kuchepetsa zaka, kapena lingakane apilo yonse. Belo podikira apilo imaperekedwa mwa apo ndi apo, musaidalire. Ena adzakuuzani kuti dikirani chikhululukiro cha mtsogoleri wa dziko pa 6 Julayi kapena pa Khirisimasi. Chikabwera chilandireni, munthu atuluke, koma dziwani kuti chikhululukiro chimangochotsa chilango, dzina la wakupha limatsala. Kathleen Folbigg atakhululukidwa anapitabe ku khoti miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake kuti mlanduwo ufafanizidwe.

Kuti makhoti athu amatha kubwerera pa zimene anagamula kale, umboni ulipo. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Bwalo Lalikulu linagamula kuti lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuyambira mu 2015, akaidi amene anagamulidwa motero anayamba kumvedwanso mmodzimmodzi, ndipo oposa 100 anatuluka. Kumeneko nkhani inali ya chilango, osati yofafaniza mlandu, koma ntchitoyo inaonetsa zinthu ziwiri zokuthandizani. Ma paralegal atapita m'midzi patatha zaka 15 kapena 20, anapeza anthu akukumbukira bwinobwino zinthu zimene khoti silinazimve konse. Ndipo ngakhale pamene fayilo inali itasowa, majaji sanangosiya munthu kuti aolere m'ndende chifukwa cha pepala limene sanataye ndi iye.

Ndikuchenjezeni pa zinthu zingapo zimene zimaononga apilo. Musapite kwa mboni zimene zinachitira umboni kukazikakamiza kuti zisinthe mawu, ngakhale mokoma, ngakhale ndi nkhuku m'manja. Wina akabwera yekha kunena kuti ananama kapena sanaone bwino, mutengereni kwa loya akalumbire. Musapereke ndalama kwa aliyense wonena kuti amadziwana ndi akukhoti ndipo afewetsa fayilo. Ambiri agulitsa minda ndi mbuzi chifukwa cha anthu otere. Ndipo musapite kwa sing'anga kukafufuza amene analodza mwanayo kuti mlandu uchoke pa mlongo wanu n'kugwera gogo wina. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mukukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Chimene chinawapha ndi maganizo omwewa amene mukuti anamangitsa mlongo wanu.

Muzipita kukamuona, ngakhale mulibe chonyamula koma sopo ndi kaufa. Anthu amene anamangidwa pa imfa ya mwana amene ankamulera amanyamula zinthu ziwiri nthawi imodzi, maliro amene sanaloledwe kulira ndi dzina loipa pakati pa akaidi anzawo. Sally Clark anatuluka, koma mtima wake sunachire, ndipo anamwalira mu 2007 ali ndi zaka 42. Kuno kwathu kulibe chipukuta misozi chimene chimangobwera chokha munthu akamasulidwa pa apilo, chimafuna mlandu wina wapadera, ndipo si nthawi zonse pamene umatheka. Choncho akadzatuluka, chimene adzapeze ndi inu, ndi kamunda kamene mwamusungira, ndi mfumu imene mwakhala mukuidziwitsa mmene zinthu zikuyendera kuti tsiku lobwera lisadzakhale lodzidzimutsa mudzi.

M'kalata yanu simunanene za alamu anu, bambo a mwanayo, kuti ali mbali iti. Munthu ameneyo anataya mkazi, kenaka mwana, kenaka mkazi wachiwiri, ndipo mwina mpaka lero sadziwa choti akhulupirire. Buku la kusikelo lija mwachidziwikire lili kwa iye kapena kwa agogo a mwanayo. Musapiteko nokha ngati wokafuna umboni wotsutsana nawo. Tumani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, a mfumu akhalepo, mukapepese maliro kaye monga mwa mwambo, kenaka muwauze kuti mukufuna dokotala aone mapepala a mwanayo kuti banja lonse lidziwe chimene chinamutenga, chilichonse chimene chingapezeke. Akakana kulipereka, apempheni kuti mungolijambula pa foni tsamba ndi tsamba iwo ali pomwepo, kuyambira pachikuto pamene pali dzina ndi tsiku lobadwa, bukulo n'kutsala m'manja mwawo.